Nyumba ya Malemu ndi Kalata Imene Imachedwa Kutuluka

Ku England munthu atha kupeza nyumba imene waikonda, kugwirizana mtengo ndi ana a mwini wake amene anamwalira, banki n'kuvomera kumubwereka ndalama, koma makiyi osawaona kwa miyezi. Akafunsa, loya amangoti tikudikira probate. Mawuwa amatanthauza kalata imene khoti limapereka potsimikiza kuti wilo ya malemu ndi yeniyeni ndipo amene watchulidwamo ali ndi mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Ngati malemu sanasiye wilo, kalata yake imakhala ya mtundu wina, koma ntchito yake ndi yomweyo. Nyumba itha kutsatsidwa kalatayo isanatuluke, koma umwini sungasinthidwe m'kaundula wa malo popanda iyo. M'chaka cha 2023 boma linkauza anthu kuti ayembekezere mpaka masabata 16 kuchokera tsiku lopereka pempho, ndipo pempholo silingaperekedwe chuma chonse chisanawerengedwe, ntchito imene payokha imadya miyezi. Nthawi yonseyi nyumba imakhala ili yokhayokha. Makalata amaunjikana kuseri kwa chitseko, udzu umakula mpaka kubisa njira, ndipo m'nyengo yozizira wachibale amayenera kupitako kukayatsa zotenthetsera kuopa kuti madzi angaume m'mapaipi n'kuwaphulitsa.

Wogula akatopa amaganiza kuti zonsezi ndi zotsalira za makedzana zimene maloya amazisungira kuti azidyerapo. Mbiri ya mwambowu ikusonyeza zina. Kwa zaka mazana ambiri nyumba ndi malo sizinkalowa n'komwe mu probate. Zinalowamo mochedwa, mu 1898, ndipo mmodzi mwa amene anapindula kwambiri ndi wogula yemweyo amene lero akudandaula. Kudikira kwina n'kumene kumagula mtendere wake. Komabe si kudikira konse kumene kuli ndi chifukwa chomveka, ndipo kuteteza mwambowu mwachilungamo kumafuna kuti tisiyanitse masiku amene lamulo linawaika dala ndi masiku amene amangotayika pa mzere wa mu ofesi.

Mwambowu unayambira m'tchalitchi. M'zaka za m'ma 1200 nkhani za wilo ku England zinali kale m'manja mwa makhoti a mabishopu, chifukwa mawu omaliza a munthu ankanenedwa pa mphasa ya imfa, wansembe ali pomwepo, ndipo mbali ina ya katundu inkaperekedwa pofuna kupempherera mzimu wake. Mwambo unali wakuti katundu wonyamulika wa mwamuna agawidwe patatu: gawo la mkazi wamasiye, gawo la ana, ndi gawo limene iye mwini akanatha kuligawa mmene akufunira. Kumpoto, m'chigawo cha York, mwambo umenewu unakhalapo mpaka 1692. Munthu akafa wopanda wilo, katundu ankagwera m'manja mwa bishopu, ndipo poti madandaulo anachuluka, lamulo la 1285 linalamula bishopu kuti azilipira ngongole za malemu kuchokera pa katunduyo, pamene la 1357 linamukakamiza kusankha woyendetsa chuma pakati pa anthu apafupi a malemu. Apa m'pamene pali muzu wa zonse. Munthu akafa, katundu wake safulumira kupita kwa olowa m'malo. Amayamba waima m'manja mwa munthu mmodzi wodziwika, amene angathe kufunsidwa ndi kuimbidwa mlandu, ndipo ngongole zimatuluka kaye mphatso zisanagawidwe.

Ntchitoyi inali yooneka ndi maso. Lamulo la 1529, limene linabwera anthu atatopa ndi ndalama zimene makhoti a tchalitchi ankalipiritsa, linaika malire a malipirowo ndi kulimbikitsa kuti katundu wa malemu azilembedwa. Anansi awiri kapena kuposerapo ankalowa m'nyumba ya maliro n'kuyenda chipinda ndi chipinda, akulemba bedi ndi zofunda zake, miphika ya mkuwa, mbale, mipando, tirigu wa m'nkhokwe, ng'ombe ndi nkhosa, chilichonse ndi mtengo wake pambali. Mapepala amenewa alipo ambirimbiri mpaka lero, ndipo olemba mbiri amadziwirapo mmene anthu wamba ankakhalira. Makhoti otsimikiza wilo analipo oposa 200, ena aakulu, ena oyang'anira parishi imodzi yokha. Amene anasiya katundu wokwana mapaundi 5 m'madayosizi oposa imodzi, wilo yake inkapita ku khoti la Arkibishopu, ndipo lalikulu mwa onse linali Prerogative Court of Canterbury, limene linkakhala ku London. Kumeneko n'kumene kunapita wilo ya William Shakespeare. Iye anamwalira pa 23 Epulo 1616, ndipo pa 22 Juni chaka chomwecho wilo yake inali itatsimikizidwa, mkamwini wake John Hall atalumbira pamaso pa khoti. Inali miyezi iwiri yokha, m'nthawi ya akavalo ndi nthenga zolembera.

Wina atha kutenga miyezi iwiri ya Shakespeare ngati umboni wakuti kale zinthu zinkayenda bwino. Koma kalata imene John Hall analandira inkakhudza katundu wonyamulika ndi ndalama basi. Nyumba yaikulu ya ku Stratford, New Place, imene wiloyo inaipereka kwa mwana wamkazi Susanna, sinadalire khoti la tchalitchi ngakhale pang'ono. Malo anali nkhani ya makhoti a mfumu, ndipo lamulo lake linali lina. Mwini malo akamwalira, nthawi yomweyo malowo ankakhala a wolowa nyumba, amene kawirikawiri anali mwana wamwamuna woyamba. Mpaka 1540 munthu analibe ufulu wachindunji wogawa malo otere kudzera mu wilo, kupatula m'matauni ena amene anali ndi miyambo yawoyawo. Lamulo la chaka chimenecho litaloleza, malo ankachoka kwa malemu kupita kwa wotchulidwa mu wilo mwachindunji, osaima kwa woyendetsa chuma, osadikira chidindo cha aliyense. Ngati chimene tikufuna ndi liwiro, dongosolo limeneli linalibe lina lolipambana: wolowa nyumba akanatha kugulitsa malo maliro asanathe n'komwe.

Liwirolo linali ndi amene ankalilipira. Oyamba anali okongoza. Mwini sitolo amene anapereka katundu pa ngongole kwa mwini minda yaikulu, popanda chikalata chodindidwa, sakanatha kukhudza malo a malemu. Katundu wonyamulika akatha, iye ankabwerera chimanjamanja, pamene mwana wa malemu akukhala m'nyumba ya zipinda makumi awiri. Samuel Romilly anakwanitsa mu 1807 kusintha zimenezi pa malo a anthu amalonda okha, ndipo eni malo onse anafikiridwa mu 1833. Wachiwiri anali wogula. Amene ankagula nyumba kwa munthu wonena kuti anapatsidwa mu wilo analibe kalata ya khoti yoti atsamire. Patapita zaka, wolowa nyumba wa mwambo akanatha kutulukira n'kunena kuti wiloyo inali yabodza, kapena kuti mkuluyo anali atasokonekera mutu pamene ankasaina, ndipo chitsimikizo cha khoti la tchalitchi sichinkamanga khoti la mfumu pa nkhani ya malo. Wilo imodzimodziyo inkatha kukhala yabwino pa miphika ndi yoipa pa nyumba. Choncho kudikira kunalipo ndithu, koma kunkabwera pambuyo, ndalama zitalipidwa kale, ndipo kunalibe tsiku lodziwika lothera.

Pa milandu yotere m'pamene khoti la Chancery linatengera mbiri yake yoipa. William Jennens, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri m'dzikomo, anamwalira mu 1798 wilo yake asanasaine, ndipo anthu odzitcha achibale ake anapitiriza kukasuma kwa zaka zoposa 100. Charles Dickens, amene ali mnyamata anagwirapo ntchito yolemba zokambidwa m'makhoti a ku Doctors' Commons, kumene maloya a nkhani za wilo ankakhala, analemba buku la Bleak House, lotuluka mu 1852 ndi 1853, lonena za mlandu wa chuma cha masiye umene unatha pokhapokha chuma chonse chitathera ku zolipira za khoti. Anthu ambiri akamanyoza probate amakumbukira buku limeneli, koma mlandu wa m'bukumo unali wa ku Chancery, ndipo matenda amene likufotokoza ndi a dongosolo limene linalibe khomo limodzi loti chuma chonse chidzerepo kamodzi n'kutha.

Khomo limenelo linamangidwa pang'onopang'ono. Lamulo la 1837 linaika njira imodzi yosainira wilo, pamaso pa mboni ziwiri zopezeka nthawi imodzi, ndipo likugwirabe ntchito. Court of Probate Act ya 1857 inalanda tchalitchi ntchito yonseyi, moti kuyambira pa 11 Januwale 1858 panali khoti limodzi la boma, lokhala ndi ofesi yaikulu ku London ndi nthambi m'maboma, woweruza wake woyamba ali Sir Cresswell Cresswell. Koma nyumba zinadikirabe zaka zina 40. Land Transfer Act ya 1897 ndi imene inanena kuti munthu womwalira kuyambira pa 1 Januwale 1898, malo ake aziyamba agwera m'manja mwa woyendetsa chuma monga mmene miphika ndi ng'ombe zinkachitira kuyambira kale. Administration of Estates Act ya 1925 inamaliza ntchitoyo, ndipo inathetsanso mwayi wa mwana wamwamuna woyamba pa malo a munthu wofa wopanda wilo.

Phindu la kusinthaku kwa wogula likuoneka bwino pa mlandu wa Hewson ndi Shelley, umene khoti la apilo linagamula mu 1914. Mwamuna anamwalira, wilo inafunidwa osapezeka, mkazi wake analandira kalata yoyendetsera chuma n'kugulitsa malo. Patapita zaka zambiri wilo ija inatulukira, kalata ya mayi uja inathetsedwa, ndipo otchulidwa mu wiloyo anafuna kulanda malowo kwa wogula. Khoti linakana. Linati munthu amene wagula mokhulupirika kwa amene ali ndi kalata ya khoti asavutitsidwe ngakhale kalatayo itadzafafanizidwa mtsogolo, ndipo malamulo a 1925 analemba mfundo imeneyi momveka. Ichi n'chimene wogula amadikira m'masabata aja. Akangolandira nyumba kuchokera kwa mwini kalata, mwana wa kunja amene sanali kudziwika, wilo yopezeka mochedwa, kapena wokongoza amene anaiwalika, onsewo amakalimbana ndi ndalama zimene nyumba inagulitsidwa. Nyumbayo saikhudza. Mlandu suwola, koma lamulo linausamutsa kuuchotsa pa khomo la wogula.

Masiku ena odikira analembedwa dala m'malamulo, ndipo lililonse lili ndi mwini wake. Trustee Act ya 1925 imalola woyendetsa chuma kulengeza mu nyuzipepala ya boma, The Gazette, n'kupatsa okongoza miyezi iwiri kuti aonekere. Lamulo la 1975, lolowa m'malo mwa la 1938, limapatsa mkazi, mwamuna, mwana kapena munthu amene ankadalira malemu miyezi 6 kuchokera tsiku lotuluka kalata kuti akadandaule ngati wasiyidwa wopanda chomuthandiza. Woyendetsa chuma sangakakamizidwe kugawa chuma chaka chisanathe chichitikire maliro. Zambiri mwa izi zimachedwetsa kugawa ndalama, ndipo nyumba itha kugulitsidwa masikuwo asanathe. Chimene chimaimitsa malonda kotheratu ndi chiletso chimene wokayikira wilo angakaike ku khoti, chokhala miyezi 6 ndipo chotheka kuwonjezeredwa. N'zoona kuti wachibale wanjiru atha kuchigwiritsa ntchito pongofuna kuzunza anzake. Koma popanda icho, nkhalamba imene inasainitsidwa wilo ili m'chipatala, itazunguliridwa ndi munthu mmodzi wofuna zake, ikanakhala yopanda woilankhulira.

Otsutsa ali ndi mfundo yamphamvu akaloza ku Germany. Kumeneko lamulo limati munthu akangomwalira chuma chake chonse chimakhala cha olowa m'malo nthawi yomweyo, popanda woyendetsa woima pakati, ndipo dzikolo silinagwe m'chisokonezo. Koma chimene chimagwera wolowa m'malo ndi chuma pamodzi ndi ngongole zake, ndipo iye amapatsidwa masabata 6 okha kuti akane cholowacho ngati akuopa kuti ngongole zaposa katundu. Ndiponso akafuna kugulitsa nyumba, a kaundula wa malo amafuna umboni wakuti iye ndiyedi wolowa m'malo, umene kawirikawiri ndi satifiketi ya khoti yotchedwa Erbschein, kapena wilo yolembedwa pamaso pa notale. Funso lakuti ndani ali ndi mphamvu yosaina m'malo mwa wakufa silithawika. Dziko lililonse limangosankha amene asenze chiopsezo pamene funsoli likuyankhidwa, ndipo England inasankha kuti ana a malemu asalipire ngongole za bambo awo kuchokera m'thumba mwawo.

Pali mbali imene sindingaiteteze, ndipo yoyamba ndi ya msonkho. Boma linazindikira kalekale kuti khomo limene chuma chonse chimadzera ndi malo abwino oimikapo wokhometsa. Msonkho wa chidindo pa makalata a probate unayamba mu 1694, ndipo mu 1894 nduna ya zachuma William Harcourt inabweretsa msonkho wokhudza chuma chonse cha malemu, malo omwe. Lero chuma choposa mapaundi 325,000, malire amene sanasinthe chiyambire 2009, chimakhomeredwa 40 peresenti pa ndalama zopitirirazo, ngakhale pali zochotsera zina monga za mkazi kapena mwamuna wotsala. Vuto ndi dongosolo la kalipiridwe. Msonkho uyenera kuyamba kulipidwa pofika kumapeto kwa mwezi wachisanu ndi chimodzi chichitikire imfa, ndipo kalata situluka mbali ina isanaperekedwe. Banja limene chuma chake chonse ndi nyumba limapezeka kuti silingagulitse nyumba popanda kalata, silingalandire kalata popanda msonkho, ndipo ndalama ya msonkho ili m'makoma a nyumba yomweyo. Lamulo limalola kulipira msonkho wa nyumba pang'onopang'ono kwa zaka 10, koma gawo loyamba lifunika kupezeka ndithu, ndipo ena amachita kukakongola. Kudikira kumeneku sikuteteza wamasiye, wokongoza kapena wogula. Kumateteza thumba la boma lokha.

Mbali yachiwiri ndi mzere wa mu ofesi. Mu 2019 boma linasamutsira ntchitoyi pa makina atsopano a kompyuta pa nthawi yomwe linali litalengezanso kuti likweza kwambiri ndalama zofunsira kalata. Anthu anathamangira kupereka mapempho mtengo usanakwere, mapepala anaunjikana, ndipo ganizo lokweza mtengolo linadzasiyidwa ntchito itasokonekera kale. Mliri wa Covid unawonjezera maliro, ndipo pofika kumapeto kwa 2023 komiti ya zachilungamo ya nyumba ya malamulo inayamba kufufuza za kuchedwaku. Pempho losavuta, lopanda wotsutsa, likakhala miyezi inayi pa shelefu, palibe mlandu wa 1914 umene ungalungamitse zimenezo. Banki imathetsa lonjezo la ngongole, wogula amachoka, ndipo anthu ena atatu kapena anayi amene malonda a nyumba zawo anamangirirana pa nyumba imeneyi amagwera limodzi. Amene amalemekeza kalatayi ndi amene ayenera kukwiya kwambiri ikamachedwa popanda chifukwa, poti kuchedwa kotero n'kumene kumaphunzitsa anthu kuizemba.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa kalata yomweyo inafika kuno ku Malawi. Lamulo la 1902 lokhazikitsa makhoti a British Central Africa linabweretsa malamulo a ku England monga analili pa 11 Ogasiti chaka chimenecho, ndipo kuchokera pamenepo tili ndi makalata oyendetsera chuma cha masiye, ofesi ya Administrator General, Wills and Inheritance Act ya 1967, ndi lamulo la 2011 limene linalowa m'malo mwake. Makolo athu nawonso sankathamangira katundu wa malemu. Ankayamba ameta, eni mbumba ndi ankhoswe n'kukhala pansi, amene malemu anali nawo ngongole n'kuyankhula poyera, ndipo wamasiye ankasudzulidwa nthawi yake itakwana. Kulanda chuma cha masiye, kumene lamulo la 2011 limakutenga ngati mlandu, ndi ntchito ya anthu achangu, amene amafika ndi galimoto manda asanaume n'kutuluka ndi firiji, mipando ndi mapepala a nyumba. Nyumba zotere n'zimene zimatsatsidwa motchipa m'makwalala a Ndirande kapena Area 25, wogulitsa ali mchimwene wa malemu, atanyamula kalata ya amfumu ndi mboni ziwiri za kwawo, akuti tipangane lero lomwe. Wogula amene sanafunse kalata ya khoti amakhala pamalo pamene wogula wa ku England anali 1898 isanafike. Amamanga mpanda, amaika matailosi, ndipo patapita zaka khumi ana a malemu, amene tsiku la malonda anali ku pulayimale, amagogoda pa geti ali ndi loya.